MADZI SAIWALA KHWAWA: MBIRI YA MACHENJEZO A CHIGUMULA KWA NDAMERA

Mau a pa wailesi kwa mafumu ndi alimi a m'chigwa cha Shire

Lero tikambirana nkhani ya madzi. Sitikuphunzitsani kuti chigumula n'chiani, pakuti palibe munthu wa ku Marka kapena wa m'mbali mwa dambo la Ndindi amene afuna kuuzidwa zimenezo. Chimene tifuna ndicho kulondola mbiri ya madziwa kuyambira masiku a makolo, kuti tione umo chenjezo linali kufikira anthu kale, umo lifikira tsopano, ndi chifukwa chake anthu afabe ngakhale chenjezo lafika. Inu amene mudziwa kuwerenga, muwawerengere anzanu mau awa pa bwalo.

Dziko lanu liri kunsi kwa onse

Poyamba tidziwe pamene tikhala. Malo otsika koposa m'dziko lonse la Malawi ali kwanu komweko, pamene Shire aturuka m'dziko lino kulowa m'Mozambique. Pamenepo nthaka ikwera mamita 37 okha pamwamba pa nyanja yaikuru ya mchere. Koma nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ipitirira mamita 3,000. Tsono madzi ambiri ogwa pa Mulanje, pa Thyolo, ku Blantyre ndi ku Mwanza alibe njira yina koma kutsikira kwa inu. Mtsinje wa Mwanza uthira m'Shire ku Chikwawa. Ruo, wochokera ku Mulanje, athira m'Shire pa Chiromo, ndipo ndiye woopsa koposa, chifukwa atsika msanga ndi mphamvu. Kumadzulo kwanu kuli mapiri, ndipo timitsinje tochokera kumeneko, touma mchenga wokhawokha m'chilimwe, tidzaza m'maola owerengeka.

Palinso bvuto lina la kunsi. Shire athira m'Zambezi. Zambezi akadzaza, madzi a Shire asowa polowera, ndipo abwerera m'mbuyo nafalikira m'madambo. Ndicho chifukwa chake chigumula chitha kukupezani thambo liri mbee, kwanu kusanagwe ndi dontho lomwe. Mvula imene imiza munda wa kwa Ndamera kawirikawiri ndi mvula imene mwini mundayo sanaione.

Pamene nyanja inatsekeka ndi kutsegukanso

Akuluakulu a m'midzi mwanu anamva kwa makolo ao za nthawi imene Shire anali wamng'ono. Nkhaniyo njoona. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 madzi a nyanja ya Malawi anatsika chaka ndi chaka. Sitima za pa madzi zimene zinali kukwera Shire zinayamba kutitimira m'mchenga, ndipo nchito yao inatengedwa ndi njanji, imene inalumikiza Port Herald, ndiye Nsanje wa lero, ndi Blantyre mu 1908. Pofika 1915 nyanja inatsika kotero kuti mchenga ndi udzu zinatseka pakamwa pa Shire, ndipo kwa zaka pafupifupi 20 madzi a m'nyanja sanali kuturukira m'mtsinjemo monga kale.

Madambo a kuno kunsi anauma. Anthu anaona nthaka yakuda yachonde pamene kale panali bango ndi mvuu, ndipo analowamo, namanga midzi, nalima chimanga, mbatata ndi thonje. M'zaka za m'ma 1920 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1930 chigwa chino chinatchuka ndi thonje, ndipo ndalama zinalowa m'midzi. Ana anabadwira m'dambo nakula osadziwa kuti nyumba ya atate ao iri m'njira ya mtsinje.

Koma kumtunda nyanja inali kukwera mwakachetechete. Cha m'ma 1935 madzi anaboola mchenga uja, ndipo m'zaka zotsatira Shire anabwerera m'malo ake akale. Madimba a m'dambo la Ndindi ndi madambo ena anamira, ulimi wa thonje unagwa, mabanja anasamukira ku mphala kumene nthaka njouma, ena anasanduka asodzi, ndipo amuna ambiri anapita kukafuna nchito ku Southern Rhodesia. Taonani bwino apa. Madziwo anali kuunjikana kwa zaka zambiri pa mtunda wa makilomita mazana kuchokera kwa Ndamera, ndipo mlimi wa kuno analibe njira yodziwira. Paja akulu anati madzi saiwala khwawa.

Zizindikiro za makolo

Tisanene kuti makolo anali opanda chenjezo konse. Iwo anali kuyang'ana nyerere zikachuluka ndi kulowa m'nyumba, mvuu zikachoka m'mtsinje ndi kuyendayenda kumtunda, kutentha koposa kwa mwezi wa Okutobala ndi Novembala, ndi mbali imene mphepo ichokera. Anali kuyang'ananso mtsinje weniweniwo. Madzi akasanduka ofiira, akayamba kuchita thobvu ndi kunyamula zinyalala, nthochi ndi mitengo, anadziwa kuti kumtunda kwagwa mvula yambiri. Mvula ikakana, monga m'chilala choopsa cha 1862 ndi 1863, ndiponso m'njala ya 1949, mitima ya anthu a m'chigwa chino inali kutembenukira ku Khulubvi kwa Mbona.

Zizindikiro za mtsinje nzoona ndithu, ndipo musazitaye. Kulephera kwake n'kumodzi: zifika mochedwa. Pamene muona thobvu pa madzi, chigumula chiri pa khomo. Mbiri yonse ya machenjezo ndiyo mbiri ya kufunafuna njira yoonera madzi akali kutali, kuti maola asanduke masiku.

Mvula ichokera kuti

Kuti timve chenjezo tiyenera kudziwa pang'ono za mvula. Mai akaphika, nthunzi ikwera kuchokera m'mphika, ndipo ikagunda chibvundikiro chozizira isanduka madontho. Dzuwa lichita chomwecho ndi nyanja. Litenthetsa madzi, nthunzi ikwera kumwamba kumene kuli kozizira, ndipo isanduka timadontho tating'onoting'ono timene tiona ngati mitambo. Timadonthoto tikaphatikana ndi kulemera, tigwa. Imeneyo ndiyo mvula.

Chinthu chiri chonse chokankhira mpweya wachinyezi kumwamba chibweretsa mvula. Kutentha kwa nthaka kuchita zimenezo, ndiye mvula ya mabingu ya masana. Phiri lichitanso zimenezo, pakuti mphepo ikagunda phiri ilibe kothawira koma kukwera. Ndicho chifukwa chake Mulanje ndi Thyolo alandira mvula yambiri pamene chigwa chino chilandira yochepa. Ngakhale chiperoni wa m'nyengo yozizira, amene dzina lake lichokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, anyowetsa mapiri nasiya inu ndi mitambo chabe.

Njira yachitatu ndiyo kukumana kwa mphepo. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera ndiwo ulamulira, ndipo kunja kuuma. Dzuwa likabwerera kum'mwera, mphepo za mpoto ndi mpweya wachinyezi wochokera ku nkhalango za Congo zitsika kudzakumana ndi mphepo za ku nyanja ya mchere. Pamene zikumana mpweya ukwera ndipo mitambo ipangika. Mzere wokumaniranawo uyenda pang'onopang'ono. Ukakhazikika pamwamba pathu, dzinja lafika. Ukachedwa kufika kapena ukachoka msanga, ndicho chilala. Ukaima malo amodzi masiku ambiri, ndiyo mvula yosakata.

Mvula ayesa ndi chitini choikidwa pa bwalo, ndipo kulemba mvula kotere kunayamba m'dziko muno m'zaka za m'ma 1890, pa maboma, pa mamishoni ndi pa minda ya azungu. Kale anali kuwerenga mainchi, tsopano awerenga mamilimita, ndipo inchi imodzi ndi mamilimita 25. Mungaganize kuti milimita n'kanthu kachabe. Tamverani. Milimita imodzi ya mvula pa hekitala imodzi, ndiye maekala awiri ndi theka, ndi malita 10,000, kapena migolo 50 ya malita 200. Tsono wailesi ikanena kuti ku Mulanje kugwa mamilimita 100 pa tsiku limodzi, ndiye kuti migolo 5,000 pa hekitala iri yonse ya phiri lonselo. Nthaka ikakhuta kale, madziwo salowa pansi. Abwera kwa inu.

Napolo, wailesi ndi maso a kumwamba

Mu Disembala 1946 mvula yoopsa inagwa pa phiri la Zomba. Nthaka ndi miyala zinagumuka, milatho inakokoloka, anthu anafa m'likulu lenileni la Boma la nthawi imeneyo. Anthu anati wadutsa Napolo. A za nyengo afotokoza kuti nthaka ya pa phiri ikamwa madzi koposa muyeso ilemera ndi kuterereka, nitsika pamodzi ndi miyala ndi mitengo. Ngati tsoka lotere linadzidzimutsa akuluakulu a Boma pa khomo pao, nanga mudzi wa kwa Ndamera akanauchenjeza ndani?

Zinthu ziwiri zinasintha nkhaniyi. Choyamba ndi wailesi. Mu 1949 anayamba kugulitsa mawailesi otsika mtengo aja ooneka ngati sefuliya, ndipo anthu a m'midzi anayamba kumva Chinyanja chouluka kuchokera ku Lusaka. Mu 1964 dziko lino linakhala ndi nyumba yakeyake ya wailesi, ya MBC. Mau amene kale anali kuyenda ndi mthenga wa pansi masiku atatu anayamba kufika tsiku lomwelo.

Chachiwiri ndi makina ozungulira dziko m'mlengalenga, otchedwa satelaiti. Oyamba ojambula mitambo anaponyedwa ndi Amereka mu 1960. Kuyambira pamenepo munthu anatha kuona namondwe akali pakati pa nyanja, kutali ndi gombe liri lonse.

Namondwe n'chiani

Inu nonse mudziwa kamvulumvulu wa m'chilimwe, wozungulira ndi kunyamula pfumbi ndi masamba. Namondwe afanana naye, koma kukula kwake ndi makilomita mazanamazana, ndipo abadwira pa nyanja ya mchere pokha, pamene madzi atentha kufika madigiri 26 kapena kuposa. Nthunzi yambiri ikwera, mphepo zithamangira pamenepo kuchokera mbali zonse, ndipo chifukwa cha kuzungulira kwa dziko ziyamba kuzungulira nazonso. Madzi otentha ndiwo chakudya chake. Nyengo yake ndi Novembala mpaka Epulo, makamaka Januwale, Febuluwale ndi Malichi.

Akafika pa mtunda mphepo yake ichepa, pakuti wasiya chakudya chake. Pamenepo ena anyengeka, nati namondwe wafooka. Mphepo ndiyo ifooka, koma madzi onse amene wasenza ayenera kugwa, ndipo agwa pa mapiri athu. Kuchokera ku Nsanje kufika ku Quelimane pa gombe pali makilomita ngati 200 okha. Kwa namondwe umenewo ndi ulendo waufupi.

Nchito yolondola anamondwe a mbali yino ya nyanja ya India iri m'manja mwa ofesi ya za nyengo ya pa chilumba cha La Réunion. Iwo atumiza mau ku maiko onse ozungulira. Maina amene mumva, monga Ana ndi Gombe, alembedwa pa mndandanda nyengo isanayambe, kuti anthu a maiko onse adziwe kuti akunena namondwe mmodzi yemweyo.

Zaka zimene muzikumbukira

Mu Malichi 1991 madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi ku Phalombe, ndipo anthu mazana anafa. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la kukonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi. Mu 1997 madzi anadula njanji pakati pa Bangula ndi Chiromo, ndipo sitima ya ku Limbe inaleka kufika ku Nsanje.

Mu Januwale 2015 kunagwa mvula yosakata, ndipo pa 13 Januwale Pulezidenti Peter Mutharika analengeza za ngozi m'maboma 15. Anthu 106 anafa, 172 anasowa, ndipo ambiri a osowawo anali a ku Nsanje. Anthu pafupifupi 230,000 anachoka m'nyumba zao. Ruo anasiya njira yake nakumba yina pakati pa midzi ndi minda, ndipo anthu a ku Makhanga anatsala pa chilumba. Malo amene mfumu inati pano madzi safika, chaka chimenecho anafika.

Mu Malichi 2019 mvula yoyamba inagwa kuno namondwe asanakhwime. Kenaka anabwerera ku nyanja, anakhuta madzi otentha, anapatsidwa dzina la Idai, ndipo usiku wa pa 14 Malichi anagwetsa mzinda wa Beira. M'dziko muno munafa anthu 60, ndipo abale athu a tsidya lija la malire anathawira ku misasa ya ku Nsanje. Pa 24 Januwale 2022 anafika Ana. Anaononga damu la magetsi pa Kapichira, dziko linakhala mu mdima, ndipo mseu wa ku Blantyre unaduka m'malo angapo. Anthu asanapume, mu Malichi anafika Gombe.

Tsono Freddy. Iye anabadwira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, naoloka nyanja yonse ya India. Anagunda Madagascar pa 21 Febuluwale, nalowa m'Mozambique pa 24 Febuluwale. Ambiri anati watha. Koma anabwerera ku nyanja, napezanso mphamvu, ndipo pa 11 Malichi analowanso pafupi ndi Quelimane. Anakhala ndi moyo masiku 36, ndipo bungwe la za nyengo la maiko onse linatsimikiza kuti panalibe namondwe wolembedwa amene anakhalitsa chotero. Mvula inagwa masiku angapo osaleka. Mapiri anagumuka ku Soche m'Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo madzi ambiri anatsikira m'chigwa chino. Akufa ndi osowa pamodzi anapitirira 1,000, ndipo oposa 600,000 anachoka m'nyumba zao. Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza za ngozi, ndipo chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inabvomereza lamulo latsopano la za ngozi m'malo mwa lija la 1991.

Pano pali phunziro lalikuru la mbiri yonseyi. Mu 1935 panalibe chenjezo. Mu 1946 panalibe chenjezo. Koma Freddy anaoneka milungu yathunthu asanafike, ndipo Nthambi ya za Nyengo inachenjeza pa wailesi masiku angapo mvula isanayambe. Maso oonera kutali tiri nao tsopano. Chimene chitsala ndi ulendo wa mau kuchokera pa wailesi kufika pa khomo la nkhalamba ya kumapeto kwa mudzi.

Njira ya chenjezo

Mau ayenda motere. A ku La Réunion aona namondwe. Nthambi ya za Nyengo ku Blantyre iyesa kumene alowera ndi mvula imene abweretse, nilengeza pa wailesi ndi pa mafoni. Nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi iuza Bwanamkubwa wa ku Nsanje, ndipo mau atsika kwa Mfumu Yaikuru, kwa magulupu, kwa anyakwawa ndi ku makomiti a m'midzi oona za ngozi. M'mitsinje yina aimika mitengo yoyesera madzi yopakidwa utoto. Madzi akakhala pa wobiriwira, kuli bwino. Akafika pa wachikasu, konzekani. Akafika pa wofiira, nyamukani. Anthu a kumtunda aimbira foni a kunsi, ndipo a kunsi aliza ng'oma, wezulo ndi chimkuzamau. Unyolo umenewu ukaduka pa mfundo imodzi, nchito yonse ya akatswiri ipita pachabe.

Ena a inu muti, anatichenjeza chaka chakuti, tinasamuka, ndipo madzi sanabwere. Nzoona, zichitika. Namondwe atha kukhota, ndipo a za nyengo anena chimene chiyembekezeka, sanena ngati olosera. Koma tayesani pa sikelo. Kusamuka pachabe katatu kutayitsa masiku owerengeka. Kukhala kamodzi pamene munayenera kusamuka kutayitsa ana.

Mau kwa mafumu

Ife tidziwa kuti anthu sakhala ku dambo chifukwa cha kupusa. Kumeneko ndiko kuli chinyezi, chimanga cha kudimba, nsomba ndi manda a makolo. Madzi omwewo amene aononga ndiwo asiya nthaka yachonde. Tidziwanso kuti mfumu yosamukira m'dziko la mfumu inzake iopa kusanduka mlendo wopanda anthu. Nkhawa zimenezi nzenizeni, ndipo ziyenera kukambidwa pa bwalo m'chilimwe, mitu iri yozizira, osati usiku madzi ali m'maondo. Mabanja ena apeza njira yapakati, ndiyo kumanga nyumba ndi nkhokwe kumtunda ndi kutsikira ku dimba kukalima madzi akaphwa. Inu mafumu a kumtunda, m'manja mwanu muli malo. Wopempha malo lero ndi yemwe adzakugulitsani chimanga cha kudimba chaka cha chilala.

Tsono mvula isanayambe chitani izi. Sankhani malo okwera othawirako, ndipo munthu ali yense adziwe njira yake, ngakhale ya usiku. Werengani nkhalamba, odwala, olumala ndi amai oyembekezera, ndipo ali yense akhale ndi munthu womunyamula. Dziwani eni mabwato ndi pamene amangirira mabwato ao. Pa mudzi pakhale wailesi imodzi ya mabatire amoyo ndi munthu woimvera m'mawa ndi madzulo. Mugwirizane kaliridwe ka ng'oma ya madzi, kuti isafanane ndi ya maliro kapena ya gule. Mbeu, ziphaso, mabuku a ku chipatala ndi a ana a sukulu zikulungidwe m'pulasitiki. Letsani kudula mitengo m'mapiri ndi kulima m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje, pakuti phiri lopanda mitengo litaya madzi ake onse nthawi imodzi.

Chenjezo likafika, ng'ombe ndi mbuzi zitsogole kukali kowala, pakuti anthu ambiri atsalira chifukwa cha ziweto. Musaoloke mtsinje wodzaza, ngakhale muudziwa kuyambira ubwana wanu. Madzi othamanga ofika m'maondo agwetsa munthu wamkuru, ndipo ng'ona ziyenda ndi chigumula. Musabwerere ku mudzi chifukwa dzuwa lawala, pakuti mwamva umo Idai ndi Freddy anabwererera, ndipo madzi a ku Mulanje afika mvula itakata kale. Ku misasa ndi pobwerera, madzi akumwa muwiritse kapena muthire mankhwala, chifukwa kolera atsata chigumula.

Makolo anu anaona Shire akuuma, namuonanso akubwerera, popanda wowauza. Inu muli ndi wowauza. Mfumu imene iliza ng'oma msanga anthu angaiseke tsiku limodzi, koma m'mawa mwake idzawerenga anthu ake ndi kuwapeza onse. Pa msonkhano wanu wotsatira, a mfumu, funso loyamba likhale ili: ng'oma ikalira usiku uno, tipita kuti, ndipo ndani anyamula ndani?

Tsalani bwino nonse.